Pa nyanja palibe poseluka

Kutentha kwa October kukangoyamba, nkhani za m'minibasi za mu Lusaka zimasintha. Ku mpando wa kumbuyo wina ali pa foni, akufunsa ngati onse a m'gulu alipira ya ulendo wa ku Siavonga. Kutsogolo amai a cilimba akuwerengetsa ngati Rosa imodzi ikwana kapena pafunika ziwiri. Acinyamata a ku chechi, magulu osunga ndalama amene amagawana kumapeto kwa caka, anzathu a m'maofesi, onse mtima uli kumadzi. Palibe colakwika pamenepo. Munthu amene wakhala caka cathunthu akupanikizana anayi-anayi pa mpando, kucoka ku Chawama, ku Matero kapena ku Mtendere kupita mu tauni, ayenera kupumako, mapazi mu mcenga, kamphepo ka nyanja kakuomba.

Koma pali cinthu cimodzi cimene ambiri timaiwala pa Kulima Tower tikanyamuka ulendo umenewu: diso lija limene timaonera basi yoipa. Mu tauni palibe amene amatinamiza. Matayala osila timawaona. Dalaiva wonunkha mowa timamumva tisanakhale pansi. Kondakita akati "fendelani, mukwana" pa mpando umene wadzaza kale, timamuyankha. Basi ikathamanga kwambiri, amai ena kumbuyo amakuwa kuti, "Imwe a dalaiva, mwanyamula anthu, osati masaka ya malasha!" Zikanyanya timagogoda denga, n'kuseluka, n'kudikira ina.

Manje tikafika pa gombe, nyimbo zikulira, nsomba ili pa moto, nzeru zonsezo zimasungunuka. Timapereka ndalama, timaperekanso ana athu, kwa mnyamata amene sitinamufunse funso ngakhale limodzi. Pamene boti ndiyo imafuna mafunso ambiri kuposa basi, cifukwa ikangocoka pa mtunda, palibe sitesheni, palibe kugogoda denga. Zonse zimene mufuna kukana muyenera kuzikana mapazi akali pa mcenga.

Iyi si damu ya pa famu

Kucoka mu Lusaka kufika ku Siavonga ndi makilomita pafupifupi 200. Mupita ndi mseu wa Kafue, mukhotera ku mseu wa ku Chirundu, mutsika mapiri a Kapiri Ngozi kumene malole amagona m'mbali mwa mseu, ndiye mukhotanso musanafike pa malire. Kufupika kumeneku ndiye kumacititsa kuti Siavonga ikhale ngati gombe la anthu a mu Lusaka. Ena amapita kufupi, pa mtsinje wa Kafue. Ena amafika mpaka ku Samfya pa nyanja ya Bangweulu, kapena ku Livingstone pa Zambezi. Koma basi zambiri za holide zimathera pa Kariba.

Nyanja ya Kariba inapangidwa ndi anthu. Khoma lake linatha kumangidwa mu 1959, ndipo madzi a Zambezi anadzaza cigwa cimene munali midzi, minda ndi nkhalango za Atonga. Kutalika kwake kumapitirira makilomita 200, ndipo malo ena kuya kwake kumaposa mamita 90. Mitengo yambiri ya m'cigwaco sinadulidwe. Mpaka lero ikali ciimire, ina mitu ili pamwamba monga mmene timaonera pa zithunzi, ina yabisala pansi pa madzi. Madzi akatsika, monga mmene anatsikira mu 2024 mpaka tonse tinagona mu mdima cifukwa ca kusowa kwa magetsi, zitsa ndi miyala zimene zinali pansi kwambiri zimafika pafupi ndi mimba ya boti. Woyendetsa amene sadziwa malowo, kapena amene akuthamanga kuti asangalatse atsikana, amadziwa citsa pamene wacigunda kale.

Muli ng'ona, mulinso mvuu. Mphepo imatha kusintha mwadzidzidzi, makamaka masana m'nyengo ya mvula, ndipo madzi amene anali bata m'mawa amautsa mafunde okwanira kudzaza boti yaing'ono. Asodzi a kapenta amene amagona pa madzi usiku amazidziwa zimenezi, ndiye cifukwa cake amayang'ana kumwamba asananyamuke. Ife a mu tauni timayang'ana foni.

Kunena zoona, ambiri a ife sitidziwa kusambira. Tinakulira m'makomboni mmene madzi ambiri amene tinawaonapo ni a m'ngalande za mvula. Wina anaphunzirako m'dziwe la pa loji, mmene mapazi amafika pansi ndipo khoma lili pafupi. Kumeneko si kusambira kwa pa nyanja, uli ndi jinzi ndi nsapato, mafunde akumenya kumaso, mtunda uli kutali.

Masiku awiri oyenera kukumbukira

Pa 24 October 2014, tsiku limene Zambia inakwanitsa zaka 50 za ufulu, boti inagubuduka pa Kariba m'boma la Gwembe. Anthu 26 anamira, ndipo ambiri anali ana a sukulu amene anali kupita ku cikondwerero ca tsikulo. Iyo sinali boti ya masewera, inali ya ulendo, koma madzi ni omwewo amene timakasewerapo.

Pa 1 January 2022, acinyamata 6 a mpingo wa Seventh-day Adventist amene anapita kukasangalala ku Siavonga anamira m'nyanja yomweyo. Dziko lonse linalira, ndipo apolisi anagwira woyendetsa boti kuti akayankhe mlandu. Anali ana a anthu amene anatsanzika kunyumba bwinobwino, monga mmene ana athu amatsanzikira, kuti tionana madzulo.

Bungwe la World Health Organization limati anthu pafupifupi 300,000 amamira caka ciliconse pa dziko lonse, ndipo ana ndi acinyamata ndiwo ambiri. Ndiye cifukwa cake United Nations inapatula tsiku la 25 July kuti likhale lokumbutsana za kupewa kumira. Koma kuno kwathu tsiku loyenera kukumbutsana ni lija limene msungicuma wa gulu akutumiza ndalama ya boti.

Cashing ya pa madzi

N'cifukwa ciani anyamata ena obwereketsa maboti amacita zinthu ngati moyo amagula pa msika? Yankho mulidziwa kale, cifukwa mumalikwera tsiku lililonse. Dalaiva wa minibasi amathamanga cifukwa mwini basi afuna cashing yake madzulo, mafuta afuna ndalama, ndipo zotsala ndizo za kunyumba. Ulendo uliwonse woonjezera ni ndiwo za ana.

Pa gombe nkhani ni imodzimodzi, mwinanso yoipirapo. Bizinesi ya maboti a masewera imadya pa masiku owerengeka: Isitala, holide ya Heroes ndi Unity mu July, Independence, Khrisimasi, Caka Catsopano, ndi mapeto a sabata kukatentha. Masiku enawo boti imangokhala pa mcenga. Kumene mnyamata amalipidwa malinga ndi maulendo amene wayenda kapena mitu imene wanyamula, mphindi zisanu zofotokozera anthu malamulo amaziona ngati ndalama yotayika. Kufunafuna jekete yokwana mwana ni kucedwa. Kubweza anthu awiri cifukwa boti yadzaza ni kupatsa mnzake wa boti ina makasitomala. Kukana kunyamuka cifukwa ca mitambo ni kubweza ndalama imene bwana waiwerengera kale.

Tsiku la khamu likafika, anchito samakwana. Ndiye amaitana aliyense amene ali pafupi: mphwake wa bwana, mnyamata amene amatsuka maboti, mnzake amene anagwirako ciwongolero kawiri. Mu tauni timadziwa bwino zimene zimacitika kondakita akapatsidwa makiyi kuti azungulireko kamodzi pamene dalaiva akudya nsima. Pa madzi palibe wapolisi wa pa mseu woti amuimitse.

Sikuti onse ni otero. Alipo oyendetsa maboti amene anakulira pa nyanja, odziwa citsa ciliconse, amene amakana kunyamuka ngakhale muwacondelele. Alipo eni malo amene amagula majekete atsopano ndi kuphunzitsa anchito awo. Vuto n'lakuti ife makasitomala nthawi zambiri timalanga wabwinoyo. Akatiuza kuti boti imanyamula anthu 10 cabe, timati ni wovuta, n'kupita kwa wa pafupi amene akuti, "Bwelani mami, kuno onse mukwela, na discount." Tikatero taphunzitsa gombe lonse kuti kusamala sikulipira.

Kumene ngozi zimacokera

Ngozi za pa maboti obwereka sizicokera kumwamba. Zimabwerezabwereza m'njira zodziwika, ndipo munthu amene wazimva kamodzi akhoza kuziona zisanacitike.

Yoyamba ni kudzaza. Boti iliyonse ili ndi malire a anthu ndi katundu. Ikadzaza imatsika, mpaka m'mphepete mwake mumatsala pang'ono kukhudza madzi. Funde limodzi, ngakhale locokera ku boti ina imene yadutsa, limalowa mkati. Madzi akalowa boti imalemerako, imatsikanso, funde laciwiri limalowa mosavuta. Onjezani mabokosi a zakumwa ndi sipika yaikulu. Ndiye wina akuwe kuti "mvuu iyo!", onse athamangire mbali imodzi ndi mafoni m'manja. Boti imene inali bwino mphindi yapitayo yagona cammbali.

Yaciwiri ni masewera a woyendetsa. Pali cibaluni cija cooneka ngati nthoci cimene anthu amakhalapo motsatana, boti yothamanga ikucikoka ndi cingwe. Anyamata ena amakhota mwadzidzidzi dala kuti onse agwe, cifukwa anthu a pa mtunda amaseka ndipo ena amakopeka kuti akwereko. Pa liwiro lalikulu madzi amamenya ngati simenti, ndipo anthu ogwa pamodzi amagundana mitu, zigongono ndi mawondo. Masewerawa amafuna anchito awiri m'boti: wina kuyang'ana kutsogolo, wina kuyang'ana okokedwa. Mukaona woyendetsa ali yekha, khosi lili kumbuyo, dziwani kuti kutsogolo kulibe amene akuona.

Yacitatu ni jet ski, kanjinga kamoto ka pa madzi kaja. Amakupatsani pambuyo pa mau awiri cabe: "Apa ni moto, apa ni kukhota." Cimene sakuuzani n'cakuti jet ski imakhota ndi mphamvu ya madzi amene injini ikuponya kumbuyo. Munthu akaona ngozi kutsogolo, mantha amamuuza kusiya moto. Pa mitundu yambiri, makamaka yakale, ukasiya moto ciwongolero cimaleka kumvera, ndipo kanthuko kamapitirira molunjika kumene unali kuthawa. Zambiri zilibenso mabuleki. Wobwereketsa amene sanakufotokozereni zimenezi, amene sanakuonetseni malire a kumene muyenera kuyenda kutali ndi osambira, wakupatsani cida, osati coseweretsa.

Yacinayi ni pulopela, mapeni aja ozungulira kumbuyo kwa injini. Lamulo la oyendetsa bwino n'losavuta: munthu akakhala m'madzi pafupi ndi boti, injini izimitsidwe. Wosasamala amabwerera kudzatenga wogwa injini ikulira, kapena amailiza anthu akali kukwera ca kumbuyo. Palinso kacingwe, kawirikawiri kofiira, kamene mbali imodzi imalowa pa swichi ya injini ndipo ina imamangidwa pa mwendo kapena pa dzanja la woyendetsa. Akagwa, kacingweko kamasolola swichi ndipo injini imazima. Kakapanda kumangidwa, boti yopanda woyendetsa imatha kuzungulirazungulira pamalo amodzi, n'kubwerera pa anthu amene ali m'madzi. Yang'anani kacingwe ameneko. Kakakhala kakungolendewera pa ciwongolero, kapena swichi yapanikizidwa ndi kawaya, mwaona zonse zimene mufunika kuona.

Yacisanu imakhudza maboti akuluakulu a phwando, aja okhala ndi jenereta, mafiriji ndi nyimbo. Akaima pakati pa nyanja, anthu amafuna kudumphira m'madzi kuti azizidwe. Kuwonjezera pa ng'ona, pali ngozi ziwiri zosaoneka ndi maso. Waya wong'ambika akhoza kutulutsa magetsi m'madzi ozungulira boti, ndipo m'madzi opanda mcere magetsi amadutsa m'thupi la munthu mosavuta, n'kuumitsa manja ndi miyendo ngakhale ya katswiri wosambira. Utsi wa jenereta ndi wa injini nawonso uli ndi mpweya wakupha umene sununkha, ndipo umasonkhana ca kumbuyo kwa boti, pomwe ana amakonda kukhala miyendo ili m'madzi. Ngati jenereta ikulira, musalole aliyense kulowa m'madzi pafupi ndi boti.

Yotsiriza ni mowa, ndipo apa tisaloze anchito okha. Kangati timapatsa woyendetsa botolo kuti "naimwe mumweko, boss"? Dalaiva wa basi sitingamugulire mowa pa Lumumba tisananyamuke. Pa madzi timauona ngati ulemu. Dzuwa, kugwedezeka kwa boti ndi phokoso la injini zimatopetsa munthu kale, mowa umangomaliza.

Jekete si yojambulitsa

Pa zonsezi, cinthu cimodzi cimene cimasiyanitsa nkhani yoseka pobwerera ndi maliro ni life jacket, jekete ija yoyandamitsa munthu. Koma iyenera kukhala pa thupi, yomangidwa, boti isanacoke. Jekete imene ili pansi pa mpando ili ngati lamba wa m'galimoto amene mufuna kumanga galimoto ikugubuduka kale.

Ioneni bwino asanakuvekeni. Dzuwa limaononga nsalu ndi malamba, ndipo cinkhupule ca mkati cikakalamba cimaphwanyika, n'kuleka kuyandama bwino. Ngati yang'ambika, ngati zomangira zinathyoka ndipo amamanga ndi mfundo, ikaneni. Mukavala, mnzanu agwire pa mapewa a jekete n'kukokera m'mwamba. Ikafika m'makutu, ni yaikulu, ndipo m'madzi idzakuvulani yokha. Mwana amafuna ya msinkhu wake, makamaka yokhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo. Mwana wovala jekete ya munthu wamkulu amapulumukira pansi pake ngati nsomba.

Mudzamva mau akuti, "Osadandaula mami, ni pafupi cabe, sitiyenda kutali." Munthu samira cifukwa ca kutalika kwa ulendo. Amamira paliponse pamene mapazi safika pansi. Mudzamvanso anzanu akuti jekete iononga cithunzi, ibisa kavalidwe. Jambulani pa mtunda.

Kumbukiraninso kuti kumira sikucitika monga mu filimu. Womira nthawi zambiri sakuwa, cifukwa mpweya wonse akuufuna popuma. Sakweza manja kuitana, amangomenya madzi m'mbali, mutu ukutuluka ndi kulowa, ndipo m'kanthawi kosakwana mphindi imodzi akhoza kuzimirira anthu ali pafupi, akuganiza kuti akusewera. Mwana akakhala cete m'madzi, pamenepo ndiye pothamangira.

Lamulo lilipo

Pa mseu tili ndi RTSA. Pa madzi pali lamulo lochedwa Inland Waters Shipping Act, limene limakamba za kuyeza ndi kulembetsa maboti, citetezo ca okwera, ndi luso loyenera la oyendetsa. Nthambi yoona za maulendo a pa madzi mu unduna wa za mtengatenga ndiyo imayang'anira zimenezi. Conco kufunsa ngati boti inalembetsedwa, ngati inayezedwa, ngati woyendetsa ali ndi pepala, si mwano. Ni cimodzimodzi kuyang'ana madisiki pa galasi la basi. Wocita bizinesi yoongoka sakwiya ndi funso limeneli, amatulutsa mapepala.

Koma nyanja ni yaikulu, ndipo pa tsiku la holide simungapeze woyang'anira pa gombe lililonse. Woyang'anira amene adzakhalapo motsimikiza ni inu.

Malo ena amakupatsani fomu yoti musaine, yonena kuti zilizonse zikacitika ni zanu. Iwerengeni musanaike dzina. Dziwaninso kuti pepala limenelo silipatsa munthu ufulu woyendetsa ataledzera kapena kudzaza boti kupitirira malire. Mlandu wa kupha munthu cifukwa ca kusasamala sufafanizidwa ndi siginecha. Ngati mwalipira ndipo zimene munalonjezedwa simunazipeze, madandaulo a ogula amapita ku CCPC. Ngati mwaona moyo wa anthu ukuikidwa pa ngozi, uzani apolisi tsiku lomwelo, musadikire kuti mukalembe pa Facebook mutafika kunyumba.

Musanatumize ndalama

Mphamvu yaikulu ili ndi uja amene wasunga ndalama ya gulu: mlembi wa cilimba, mkulu wa acinyamata, aphunzitsi otsogolera ana. Anthu 30 olipira pamodzi ni kasitomala amene mwini boti safuna kutaya. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funsani pa foni mukali mu Lusaka, ndipo mukafika onani ndi maso.

Boti imaloledwa kunyamula anthu angati, ndipo ife tilipo angati, kuwerengera ana ndi anchito? Ngati sitikwana, tiyenda maulendo awiri. Majekete alipo angati, ndipo a ana alipo? Awerengeni pa mcenga, imodzi-imodzi. Woyendetsa ndani, ndipo ali ndi pepala? Muoneni nkhope, mulankhule naye pafupi kuti mumve mpweya wake. Injini ikazima pakati pa nyanja, ndani adzabwera kudzatitenga? Payenera kukhala foni kapena wailesi yogwira nchito, munthu pa mtunda wodziwa kumene mwapita ndi nthawi yobwerera, mafuta okwanira, nkhafi, ndi cotungira madzi. Nyengo ikaipa, ndalama ibwezedwa kapena ulendo usinthidwa? Mukagwirizana zimenezi poyamba, palibe amene adzakakamiza kunyamuka mitambo itada cifukwa coopa kutaya ndalama.

Lembani maina a onse okwera, pepala limodzi litsale pa mtunda. Werengani mitu pokwera ndi potsika. Sankhani akulu awiri amene sadzamwa tsiku limenelo, nchito yawo ikhale kuyang'ana ana, osati kuyang'ana nyama pa moto. Bwererani dzuwa lisanalowe, cifukwa munthu wogwa m'madzi usiku saoneka.

Ndipo woyendetsa akayamba masewera pakati pa ulendo, lankhulani monga mmene mumalankhulira m'basi. "Mwana wanga, cepetsa liwiro, tili na bana muno." Mbewa ya manyazi inafera ku dzenje. Mmodzi akayamba, ena amene anali kuopa cete amavomereza.

Zikavuta

Boti ikagubuduka, musaisiye kuti musambire kupita ku mtunda. Mtunda umaoneka pafupi koma uli kutali. Maboti ambiri amayandamabe ngakhale atadzaza madzi, ndipo opulumutsa amaona boti msanga kuposa mutu wa munthu. Gwirani boti, sonkhanani pamodzi, werenganani.

Munthu akagwa m'madzi, wina amuloze ndi cala osacotsa maso mpaka atatengedwa. Musadumphe kukamugwira ngati simunaphunzire kupulumutsa. Womira amakwera pa aliyense amene wamufikira, ndipo maliro ambiri a anthu awiri anayamba ndi mmodzi wofuna kuthandiza mnzake. Mutambasulireni nkhafi, mtengo kapena citenje. Muponyereni cinthu coyandama: jekete, bokosi la zakumwa, ngakhale cigubu ca malita 20 copanda kanthu cotsekedwa bwino, cija timatungira madzi mu komboni.

Mukamutulutsa ndipo sakupuma, musataye nthawi kumufinya mimba kapena kumuzondotsa kuti madzi atuluke. Mugonekeni cagada, mupumireni mpweya m'kamwa, mukanikize pakati pa cifuwa mwamphamvu ndi mofulumira, wina akuitana thandizo. Nambala ya apolisi ni 991. Amene wamwa madzi ndipo akutsokomola kapena kupuma movutika apite ku cipatala ngakhale akunena kuti ali bwino, cifukwa mapapo amatha kuvuta pambuyo pa maola angapo. Musamukweze basi yobwerera ku Lusaka kuti akaonedwe mawa.

Pitani ku Siavonga. Kadyeni nsomba, ana akaone nyanja imene amangoimva pa nkhani za magetsi. Anthu a kumeneko amadalira alendo, ndipo oyendetsa osamala ayenera kupeza makasitomala ambiri kuposa osasamala. Zimenezo zidzatheka tsiku limene gulu la anthu 30 lidzaima pa gombe, n'kuwerenga majekete, n'kupeza 12, n'kubweza ndalama m'thumba, n'kupita pa boti ina. Mwini boti amene wataya gulu lotero kawiri sadzadikira woyang'anira wa boma kuti akagule majekete.